Kodi Sola Ingapindulitse Kumene Dzuwa Limasowa M'nyengo Yozizira?

Mafunso a Owerenga

Makalata anayi amene tikuyankha mwezi uno achokera kwa owerenga athu okhala kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Finland, ku Norway, ku Sweden ndi ku Alaska, ndipo onse akufunsa za kuika mapanelo a sola panyumba. Tawafupikitsa pang'ono, ndipo mayina tawabisa monga mmene eni ake anapemphera. M'mayankho onse, tikanena kuti yuniti tikutanthauza kWh imodzi, monga zimalembedwera pa bilu ya magetsi.

Funso: Akonzi, ine ndi amuna anga tinagula nyumba ku Oulu, m'dziko la Finland, zaka zitatu zapitazo. Kampani ina yatiuza kuti ikhoza kutiikira mapanelo a mphamvu ya 6 kW padenga pa mtengo wa ma euro 8,000, ndipo akuti ndalamayi idzabwerera zaka khumi zisanathe. Tikaphatikiza mtengo wa magetsi, ndalama ya mawaya ndi msonkho, yuniti imodzi timaigula masenti 15, pamene magetsi otsala akuti tizigulitsa pafupifupi masenti 4. Kodi akutiuza zoona? — Mayi wa ana awiri, Oulu

Yankho: Zikomo mayi chifukwa chotumiza ziwerengero zenizeni, pakuti nkhani ya sola kumpoto imavuta kuiweruza popanda cholembera ndi pepala. Tiyambe ndi mbali imene wogulitsayo sakunama. Dzuwa limene limafika padenga lanu pa chaka chonse si lochepa monga ambiri amaganizira. Kummwera kwa Finland ndi Sweden, kW imodzi ya mapanelo oyang'ana kummwera imapereka mayunitsi apakati pa 800 ndi 1,000 pa chaka, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi kumpoto kwa Germany, dziko limene madenga ake adzaza ndi mapanelo. Oulu ali pa madigiri 65 kumpoto, choncho ndi bwino kuwerengera mayunitsi 800 pa kW iliyonse, kutanthauza kuti mapanelo anu angakupatseni mayunitsi pafupifupi 4,800 pa chaka.

Vuto lagona pa nthawi imene magetsiwo amabwera. Mwezi wa Juni dzuwa limakhala kumwamba kwanu maola pafupifupi 22 pa tsiku, pomwe cha pa 21 Disembala limaoneka maola osakwana anayi, ndipo ngakhale masana enieni limangosuzumira, osakwera ndi madigiri awiri omwe kuchokera pansi. Zotsatira zake n'zakuti gawo lalikulu kwambiri la magetsi a chaka chonse limapangidwa kuyambira Malichi mpaka Seputembala, ndipo Disembala yense sapereka ngakhale magawo awiri pa 100 aliwonse. Koma nyumba ya kumpoto imadya magetsi mosemphana ndi pamenepa, chifukwa imafuna ambiri mu Januwale, pamene kunja kwazizira koopsa ndipo mababu akuyaka tsiku lonse, ndipo imafuna ochepa mu Julayi, pamene mapanelo akusefukira ndipo mwina banja lonse lapita kutchuthi.

Tsopano tiwerengere pamodzi ndi mitengo imene mwatipatsa. Banja limene makolo amapita kuntchito ndipo ana amapita kusukulu nthawi zambiri limagwiritsa ntchito lokha gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi amene mapanelo apanga, ena onse n'kupita kumawaya a kampani. Pa mayunitsi 4,800, mugwiritsa ntchito 1,600, amene akupulumutsirani ma euro 240. Otsala 3,200 mukagulitsa pa masenti 4 mulandira ma euro 128. Zonse pamodzi ndi ma euro 368 pa chaka, ndipo kuti afike 8,000 pafunika zaka pafupifupi 22. Mukayesetsa mpaka kugwiritsa ntchito nokha magawo 60 pa 100 aliwonse, phindu likwera kufika ma euro pafupifupi 509 pa chaka, ndipo zakazo zitsika kufika pafupifupi 16. Mulimonsemo, zaka khumi sizikupezeka.

Ndikukhulupirira kuti wogulitsayo wachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mwina wawerengera yuniti iliyonse pa masenti 15, ngati kuti palibe imene mudzagulitse motsika, kapena wagwiritsa ntchito mitengo ya chaka cha 2022, pamene magetsi anakwera mtengo modetsa nkhawa ku Ulaya konse dziko la Russia litalowerera Ukraine mu Febuluwale chaka chimenecho. Mabanja ambiri a kumpoto anathamangira sola nthawi imeneyo, ndipo panalidi chifukwa chomveka. Chichokereni nthawiyo zinthu zasintha ku Finland, chifukwa malo opangira magetsi a nyukiliya a Olkiluoto 3 anayamba kugwira ntchito mokhazikika mu Epulo 2023, magetsi a mphepo achuluka, ndipo pa msika wa magetsi wa Nord Pool pamakhala maola ena amene mtengo umatsika mpaka kufika pansi pa ziro. Maola otchipa oterewa amakonda kugwa masana a nyengo yotentha, nthawi yomweyo imene inu mudzakhale ndi magetsi ogulitsa.

Pali zinthu zina ziwiri zoti muike pa pepala lanu. Mapanelo amakhalitsa, ambiri amabwera ndi chitsimikizo cha zaka 25 ndipo mphamvu yawo imatsika ndi theka la peresenti imodzi yokha pa chaka, koma inveta, chipangizo chimene chimasintha magetsi a mapanelo kuti agwire ntchito m'nyumba, nthawi zambiri imafuna kusinthidwa pakatha zaka 10 mpaka 15, ndipo ndalama yake iyenera kuwerengedwa lero. Mbali yokoma ndi yakuti lamulo la msonkho la ku Finland, limene eni ake amalitcha kotitalousvähennys, limalola kuchotsera pa msonkho wanu gawo la ndalama yolipira amisiri, ngakhale kuti silikhudza mtengo wa zipangizo, choncho apempheni akulembereni mitengo iwiriyi payokhapayokha.

Maganizo anga ndi akuti musakane sola, koma muchepetse kukula kwake. Mapanelo a 3 kW kapena 4 kW, amene magetsi ake ambiri mungawamalize nokha potenthetsa madzi osamba masana, kuchapa zovala dzuwa lili pamutu, kapena kutchaja galimoto ya magetsi ngati muli nayo, amabweza ndalama msanga kuposa denga lodzaza. Ngati mukufuna kutenga ngongole kubanki, onjezerani chiwongoladzanja pa ziwerengero zili pamwambazi musanasaine kanthu, ndipo muuze wogulitsayo kuti akuonetseni magetsi oyembekezeka mwezi ndi mwezi, osati chiwerengero chimodzi cha chaka chonse.

Funso: Kuno ku Tromsø dzuwa sililowa konse kwa miyezi iwiri m'nyengo yotentha, ndipo zimandipweteka kuliona likungowonongeka. Kodi sindingagule mabatire akuluakulu kuti ndisunge magetsi a nthawi imeneyo n'kudzawagwiritsa ntchito mumdima? M'nyengo yozizira nyumba yanga imadya mayunitsi pafupifupi 60 pa tsiku. — Bambo wina, Tromsø, Norway

Yankho: Bambo, maganizo amenewa amabwera kwa aliyense amene waonapo dzuwa likuwala pakati pa usiku, ndipo ndikanakonda akanakhala otheka. Mzinda wanu uli pafupi ndi madigiri 70 kumpoto, kupitirira mzere wa Arctic umene uli pa madigiri 66.5, ndipo dzuwa sililowa kuyambira cha pa 20 Meyi mpaka cha pa 22 Julayi, pomwe kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale silituluka n'komwe. Tingotenga masiku 50 a mdimawo. Pa mayunitsi 60 tsiku lililonse, mufunika kusunga mayunitsi 3,000. Batire la panyumba limene anthu ambiri amagula limasunga mayunitsi pafupifupi 10, ndiye kuti mungafunike mabatire 300, ndipo apa sitinawerengere masabata a m'mbuyo ndi a m'tsogolo mwa mdimawo, pamene dzuwa limakhala lotsika kwambiri moti mapanelo sapanga kanthu kooneka. Kuwonjezera apo, batire limabweza ndalama yake mwa kudzaza ndi kutha kambirimbiri, choncho limene lingadzaze kamodzi pa chaka silingadzilipire ngakhale litakhala zaka 100. Ntchito yeniyeni ya batire la panyumba ndi kusamutsa magetsi a masana kuti afike madzulo, osati kuchoka nawo mu Juni kukafika mu Disembala.

Komabe dziko lanu lili kale ndi nkhokwe imene inu mukuifuna. Magetsi pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse a ku Norway amachokera ku madzi, ndipo madamu a m'mapiri amadzaza chipale chofewa chikasungunuka, n'kumatulutsidwa pang'onopang'ono m'miyezi yozizira. N'chifukwa chake dera lanu, limene pa msika wa magetsi limatchedwa NO4, lakhala kwa zaka zambiri ndi mitengo yotsika poyerekeza ndi madera ambiri a ku Ulaya. Magetsi akatchipa chonchi, sola imatenga nthawi yaitali kwambiri kuti ibweze ndalama, makamaka m'mbali mwa nyanja mmene mitambo siichoka. Ngakhale pa nkhani yosamala chilengedwe phindu lake ndi lochepa kwanuko, chifukwa magetsi amene mungawalowetse m'malo ndi oyera kale.

Ndikanakhala inu, ndalamazo ndikanaziika pochepetsa mayunitsi 60 aja. Makina otchedwa heat pump, amene amakoka kutentha kwa mumpweya kapena kwa pansi panthaka n'kukulowetsa m'nyumba, amapereka kutentha kwa mayunitsi pafupifupi atatu pa yuniti imodzi ya magetsi, ndipo amagwira ntchito m'miyezi yomwe bilu imapweteka. Kutseka bwino denga, mawindo ndi zitseko kuti kutentha kusathawe kumachitanso chimodzimodzi. Bungwe la boma la Enova limathandiza mabanja pa ntchito zina zoterezi, komanso pa mapanelo, koma ndalama zake zimasinthasintha, choncho afunseni ntchito isanayambe.

Funso: Kodi kuzizira kwa madigiri 30 pansi pa ziro sikuwononga mapanelo? Nanga chipale chofewa chikawakwirira ndizikwera padenga kukachotsa? Anzanga akutinso boma lachepetsa chithandizo. — Mphunzitsi, Luleå, Sweden

Yankho: Aphunzitsi, mapanelo amadya kuwala, osati kutentha, ndipo kuzizira amakondwera nako. Mphamvu imene imalembedwa pa panelo imayesedwa panelo ili pa madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yokwera kuchokera pamenepo imachotsa pafupifupi 0.3 mpaka 0.4 peresenti ya mphamvuyo, pomwe digiri iliyonse yotsika imawonjezera chimodzimodzi. Panelo imene ili pa madigiri 5 pansi pa ziro ikhoza kupereka magawo pafupifupi 10 pa 100 aliwonse kuposa zimene zinalembedwa, bola kuwala kukhale kofanana. Chokhacho choti mmisiri asamale n'chakuti mavoti a mapanelo amakwera kukazizira, kotero kuti akalumikiza mapanelo ochuluka pa mzere umodzi osaganizira m'mawa wozizira kwambiri wa kwanuko, inveta ikhoza kupsa. Mufunseni kuti wawerengera kuzizira kwa madigiri angati, ndipo yankho lake likuuzani ngati akuidziwa ntchito ya kumpoto.

Za chipale chofewa, akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chikagwa pansi chimakuthandizani, chifukwa chatsopano chimabweza magawo 80 kapena kuposerapo pa 100 aliwonse a kuwala, ndipo n'chifukwa chake Malichi ndi Epulo, miyezi ya mpweya wozizira, thambo loyera ndi nthaka yoyera mbee, imadabwitsa eni mapanelo ambiri ndi magetsi ochuluka. Chikagwa pa panelo penipeni, ngakhale chochepa, magetsi amatsika kwambiri kapena kuimiratu. Koma sindikulangizani kukwera padenga loterera mu Disembala kapena Januwale, pakuti magetsi amene mungapulumutse m'miyezi imeneyo ndi a ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi ngozi yothyoka msana, ndipo fosholo yachitsulo imakanda galasi. Kukwiririka kumene kumaluzitsa ndi kwa kumapeto kwa Febuluwale ndi Malichi, dzuwa litabwerera mwamphamvu chipale chikadali padenga.

Mankhwala ake enieni ali pa kaikidwe. Mapanelo opendekeka kwambiri, madigiri 50 kapena 60, amatsetsereza chipale okha, ndipo oimikidwa chilili pakhoma loyang'ana kummwera sakwiririka konse, amalandira bwino dzuwa lotsika, komanso amatola kuwala kochokera pansi. Amataya pang'ono pakati pa nyengo yotentha, koma amapeza zambiri m'miyezi imene magetsi ali ndi mtengo, ndipo kwa ine kusinthana kumeneku n'kwanzeru kumpoto. Oikidwa pazitsulo pabwalo ndi bwino akhale a nkhope ziwiri, olandira kuwala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo akwezedwe kuti chipale chounjikana chisawafike. Muonetsetsenso kulemera kumene angapirire. Mapanelo ambiri anayesedwa pa mapasikalo 5,400, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 550 pa sikweya mita, koma zitsulo zogwirira ndi denga lenilenilo ziyenera kupirira zomwezo, ndipo pamwamba pa khomo pafunika zotchinga kuti chipale chotsetsereka chisagwere munthu.

Anzanuwo akunena zoona. Kuchotsera msonkho kumene ku Sweden amati grön teknik kunayamba mu 2021, kunakwera kufika 20 peresenti pa mapanelo mu 2023, kenako kunatsika kufika 15 peresenti kuyambira pa 1 Julayi 2025. Kuchotsera kwina kwa ma öre 60 (ma öre 100 ndi krona imodzi, ndalama ya ku Sweden) pa yuniti iliyonse yogulitsidwa, kumene kunayamba mu 2015, kunathetsedwa kuyambira pa 1 Januwale 2026. Popeza Luleå ali m'dera limene pa msika wa magetsi limatchedwa SE1, kumene magetsi amatchipa kuposa ku Stockholm ndi ku Malmö, kutha kwa ma öre 60 kukukhudzani inu kwambiri kuposa a kummwera.

Funso: Akonzi, ine ndi mkazi wanga tili ndi kanyumba kutchire, makilomita 40 kuchokera ku Fairbanks, kumene mawaya a magetsi sanafike. Timadalira jenereta ya dizilo, ndipo tatopa ndi phokoso komanso kunyamula mafuta. Kodi ifenso mutiuza kuti sola ndi yosapindulitsa? — Wopuma pantchito, Alaska

Yankho: Ayi bambo, kwa inu yankho ndi losiyana kotheratu, ndipo chifukwa chake chikuonetsa pamene pagona nkhani yonseyi. Phindu la yuniti ya sola limayezedwa ndi mtengo wa yuniti imene yalowedwa m'malo. Bambo wa ku Tromsø akupikisana ndi magetsi otchipa a m'madamu, pomwe inu mukupikisana ndi dizilo. Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu ya mayunitsi pafupifupi 10, koma jenereta yabwino imatulutsamo magetsi a mayunitsi atatu okha, ndipo yaing'ono imene ikulira kuti ingoyatsa mababu ndi filiji imatulutsa ochepera apo. Mukaphatikiza mtengo wa mafuta, ulendo wokawatenga, oilo ndi kukonzetsa injini, yuniti yanu ndi yodula kangapo kuposa ya m'tauni, ndipo palibe imene mudzaigulitse motsika, chifukwa zonse zidzathera m'nyumba mwanu.

Midzi ya kumpoto inaizindikira kale nzeru imeneyi. Ku Old Crow, m'chigawo cha Yukon ku Canada, kumene kulibe msewu wa chaka chonse ndipo mafuta amabwera pa ndege, anthu a mtundu wa Vuntut Gwitchin anamanga malo a mapanelo ndi mabatire amene amalola kuti majenereta a m'mudzimo azizimitsidwa kwa nthawi yaitali m'nyengo yotentha. Ku Kotzebue, m'dera lanu lomwelo la Alaska, kumpoto kwa mzere wa Arctic, kampani ya magetsi ya anthu a m'tauniyo inawonjezera mapanelo pa makina ake a mphepo ndi cholinga chomwecho. Palibe mmodzi wa iwo amene anataya jenereta, ndipo inunso musaitaye. Ku Fairbanks tsiku lalitali limafika maola pafupifupi 22, koma lalifupi silikwana maola anayi, choncho muyembekezere kuti kuyambira Malichi mpaka Seputembala jenereta idzakhala chete masiku ambiri, mu Okutobala ndi Febuluwale idzasinthana ndi mapanelo, ndipo kuyambira Novembala mpaka Januwale idzabwerera pantchito. Ngakhale m'miyezi ya mdimayo mudzapindula, chifukwa mukakhala ndi mabatire, jenereta imalira maola awiri kapena atatu ikugwira ntchito yokwanira yotchaja, kenako n'kuzima, m'malo molira tsiku lonse ikuwononga mafuta pa ntchito yochepa.

Chimene ndikufuna muchisamale kwambiri ndi malo a mabatire. Mabatire a lithiamu sayenera kutchajidwa akazizira kufika pansi pa ziro, chifukwa kutero kumawawononga mkati mosabwerera, choncho aikeni m'chipinda chofunda kapena mugule amene ali ndi chotenthetsera chawochawo ndiponso chotetezera chimene chimakana kutchaja kukazizira. Mabatire akale a asidi amapirira kuzizira akakhala odzaza, koma akatha mphamvu madzi ake amaundana mosavuta n'kung'amba chikho, ndipo zimenezi zimachitikira anthu ambiri amene amatseka kanyumba m'nyengo yozizira n'kusiya mabatire atatsika, mapanelo atakwiririka. Ngati mumachokapo kwa miyezi, atchajeni mpaka adzaze, zimitsani chilichonse chimene chingawadye, ndipo panelo imodzi muiimike chilili pakhoma kuti iziwawonjezera dzuwa likangobwerera. Jenereta nayo izikhala panja, kutali ndi mawindo, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

Pa za msonkho, lamulo la boma la United States la mu 2022 linkalola kuchotsera 30 peresenti ya mtengo wa mapanelo ndi mabatire a panyumba, koma lamulo lina limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linathetsa mwayiwu pa ntchito zonse zochitika pambuyo pa 31 Disembala 2025, choncho musauike pa ziwerengero zanu. Musanagule chilichonse, lembani kwa mwezi wathunthu malita a dizilo amene mukuthira ndi maola amene jenereta ikulira, ndipo mulembenso mphamvu ya filiji, pampu ya madzi ndi chipangizo chilichonse cha m'nyumbamo. Pepala limenelo ndi limene mmisiri adzagwiritse ntchito posankha kukula kwa mabatire, ndipo mukalibweretsa kwa ife tidzawerengera nanu zaka zobwezera ndalama monga tachitira ndi mayi a ku Oulu.